Chitseko cha Kukhitchini

Dokotala wa maso sanazungulire. Anati diso lakumanzere linapita kale, ndipo lakumanja likutsekeka kuchokera m'mbali, pang'onopang'ono, moti tsiku lina mwini wake adzakhala ngati akusuzumira m'paipi, kenako paipiyo n'kutsekeka. Mankhwala odontheza angochedwetsa chabe. Phuma anafunsa kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji, dokotala anangotambasula manja. Bambo ake a Phuma, eni masowo, anangovala chipewa chawo n'kufunsa kumene kunali chimbudzi.

Kuyambira tsiku limenelo Phuma sanakhazikikenso. Osati kuti kale ankakhazikika, ayi ndithu. Dzinali anamupatsa ndi mayi ake, malemu tsopano, chifukwa mwana ameneyu anabadwa miyezi isanakwane, anathamanga asanakwawe, ndipo mpaka lero tiyi amamwa choimirira, nsapato imodzi kuphazi ina kumanja. Koma tsopano zinanyanya. Akakhala patebulo mwendo unkanjenjemera wokha mpaka masupuni kumalira m'makapu. Mkazi wake ankauponda kunsi kwa tebulo, umaleka, pasanapite nthawi winawo n'kuyamba.

Bambo akewo anali telala moyo wawo wonse. Anabwera kudzakhala ndi mwana wawo maliro a mayi atatha, atanyamula sutikesi imodzi ndi mutu wa makina osokera wokulunga m'bulangete. Phuma ankakhala pamwamba, m'nyumba zosanjikizana zija zoti woyandikana naye akayetsemula iwe umati pepani. Mdalayo anamupatsa kachipinda koyang'ana kumene amaimika magalimoto. Sankadandaula, sankapempha kanthu, ndipo izi ndi zimene zinkamuwawa Phuma. Munthu amene ankalongolola kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, singano ili pakamwa, tsopano ankatha tsiku lonse ndi zikomo, ndakhuta, mugone bwino.

Chimene chinawatsegula pakamwa, miyezi ingapo asanapite kwa dokotala kuja, chinali gemu. Phuma, bambo wandevu zake, wokonza mafiriji wodziwika bwino, anali ndi gemu yake ya pa tivi imene anayamba kusewera asanakwatire. Munalibe mfuti, munalibe zigoli. Umangotenga timabokosi tamitundumitundu, ta mwala, ta thabwa, ta galasi, n'kumasanja mpaka chituluke chimene ukufuna, kenako n'kumayendamo ngati uli momwemo. Mkazi wake ankati n'zodabwitsa kuti munthu azimanga milatho mu tivi pamene shelefu ya kubafa inagwa kalekale ndipo sopo amagona pansi. Koma ankamuleka, poti ndi nthawi yokhayo imene mwendo uja unkapuma.

Tsiku lina ataweruka, Phuma ankangoyala msewu wopanda cholinga, apa njanji, apo thanki, maganizo ali kwina. Kumbuyo kwake kunamveka mawu.

"Ngalandeyo waiika mbali yolakwika."

Anatembenuka. Bambo ake anali ataima pakhomo la chipinda chawo, atapendeketsa mutu kuti diso labwinolo ligwire tivi.

"Ngalande yake iti, Bambo? Ndikungosewera ine."

"Ukungosewera chiyani? Njanji iyo, thanki ya madzi iyo. Ukumanga kwathu iwe, ndipo ukumanga molakwika. Ngalande inali mbali ya wometa."

Phuma anayang'anitsitsa. Zinali zoona. Manja ake anali atayala msewu umene anakulira, mwini wake osadziwa. Msewu umenewo kulibenso padziko. Unagumulidwa wonse iye atangoyamba ntchito, panadutsa msewu waukulu wa malole, ndipo pamene panali nyumba yawo lero pali mpanda wa depoti. Makolo ake anasamukira m'tizipinda tiwiri ta lendi kuseri kwa msika, ndipo mayi ake anakalambira m'menemo osatizolowera. Zithunzi zimene zinatsala ndi za nkhope za anthu zokhazokha, poti palibe amene anaganizapo zojambula khoma.

Basi ntchito inayambira pomwepo. Mdala anakokera kampando pafupi ndi tivi, mphuno kutsala pang'ono kukhudza galasi, n'kudzipatsa ukapitawo. Ndipotu kapitawo wake anali woti ukanakhala waganyu ukanathawa lisanalowe dzuwa. Anatulutsa tepi yoyezera m'thumba la jekete n'kumayeza makoma pa tivi pomwepo. Khonde la wometa analigumulitsa mobwerezabwereza. Shopu ya wophika buledi anati ibwerere m'mbuyo, chifukwa fungo silinkafika kunyumba msanga choncho. Phuma akati, "Ndikudziwa, Bambo, ndinakulira pomwepo," iwo ankayankha osatembenuka n'komwe, "Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Gumula."

Nyumba iliyonse inkabwera ndi nkhani yake. Wometa uja ankacheka anthu makutu mpira ukamamveka pa wailesi, moti amuna anzeru ankameta m'kati mwa sabata. Mlonda wa panjanji tsiku lina anatsitsa chitsulo chotchinga msewu n'kugona, anthu anadikira sitima imene inali itadutsa kalekale, ndipo palibe anamudzutsa chifukwa aliyense anali ndi mbale wake amene analembedwa ntchito ndi mlamu wa mlondayo. Mkazi wa Phuma ankasiya mbale m'sinki, thovu lili m'manja, n'kudzaima kumbuyo kwa apongozi ake akuseka mpaka kugwira khoma. M'nyumba munabwerera phokoso.

Nyumba yawo anaimanga pomaliza. Khonde pamene pankakhala makina osokera, pabalaza ndi mipando yake yobiriwira, chipinda cha makolo, chipinda chimene Phuma ankagona ndi achemwali ake katani ili pakati, ndi kanjira kopapatiza kopita kumbuyo. Kumapeto kwa kanjirako anaika chitseko cha kukhitchini, chabuluu, chotseka. Kuseri kwa chitsekocho kunalibe kanthu. Ukazungulira panja unkangoona udzu wa mu gemu ndi khoma loima lokha.

"Mawa tiyamba khitchini," anatero Phuma.

"Mawa," anavomera bambo ake.

Koma mawa lake denga la wometa linapezeka kuti lafiira kwambiri. Mkuja mtengo wa magetsi unali utaima pamalo pa mpopi. Kenako anakumbukira kuti kuseri kwa thanki kunali kanyumba ka wosoka nsapato, ndipo sikukanakhala chilungamo kumusiya munthu wa Mulungu panja. Khitchini inkangokankhidwa. Komabe tsiku lililonse, asanazimitse, mdala ankati, "Tiye kunyumba." Phuma ankayambira panjanji, n'kutsika ndi msewu, kudutsa kwa wometa, kwa wophika buledi, kukwera khonde, kudutsa pabalaza, kulowa m'kanjira kaja. Pachitseko chabuluu mdala ankati, "Ima pamenepo." Ndiye ankakhala chete, manja pamawondo, mutu utawerama pang'ono, tivi osaiyang'ana n'komwe. Phuma ankadikira chala chikuyabwa pa batani. Patapita kanthawi ankapuma mozama n'kunena kuti azimitse.

Dokotala asanalankhule, Phuma ankaziona ngati nkhani za ukalamba chabe. Atalankhula, chitseko chija chinayamba kumusowetsa mtendere. Ankachiona akamatsuka mano, ankachiona pa maloboti akudikira kuti kubiriwire. Ndipo maso a bambo ake sankadikira munthu. M'mawa wina mdala anathira tiyi pambali pa kapu, patebulo, n'kupitiriza kuthira mpaka mpongozi wawo anawagwira dzanja. Tsiku lina anadzigunda phewa pafelemu ya chitseko n'kupepesa felemuyo, poyesa ndi munthu. Aliyense anaseka, iwonso anaseka, koma Phuma anakalowa kubafa n'kutsegula mpopi kuti asamveke.

Mutu wake unali utapeza kale yankho, monga unkachitira nthawi zonse, mofulumira. Analifotokoza kwa mkazi wake m'mawa wina akutsika masitepe, iye atanyamula bokosi la zitsulo, mkaziyo akuthamangira basi ya kusitolo ya nsapato kumene ankagulitsa.

"Khitchini ija akuifuna, koma aiwala mmene inalili. Ankalowamo liti? Iwo linali khonde ndi makina basi. Ndiye akuchita manyazi kunena."

"Akuuzani okha zimenezo?"

"Sangandiuze. Ndi bambo anga, ndikuwadziwa."

"Munthu wokumbuka mtundu wa denga la wometa aiwale khitchini ya m'nyumba mwake? Aphuma, asiyeni akuluwo."

"Ndiwasiye mpaka liti? Mpaka paipi itsekeke?"

Mkazi wake anapukusa mutu n'kuthamangira basi yake. Phuma anaona ngati wapambana mlandu.

Tsiku lomwelo anaitanidwa kusitolo ina ya mkaka ndi nyama, kumene firiji yaikulu inkalira koma osazizira. Anagona chagada kuseri kwake, pafumbi ndi zivindikiro za mabotolo, mutu pafupi ndi kompuresa yotentha. Ntchito inali yosavuta, koma manja ankachita zina mutu zina. Anamasula nati yomweyo kawiri n'kuimanganso. Mapeto ake anatulutsa foni, anaipanikiza ndi phewa, n'kuimbira achemwali ake, aphunzitsi, amene anakwatiwa kutali ndipo ankabwera pa tchuthi pokha.

"Achemwali, zenera la kukhitchini linali kumanja kapena kumanzere ukamalowa?"

"Ndadzuka bwino, zikomo pofunsa. Ana nawonso ali bwino."

"Pepani. Mwadzuka bwanji? Kumanja kapena kumanzere?"

"Khitchini yake iti?"

"Yakwathu. Ya amayi."

Pafoni pankamveka ana asukulu akusokosera chapatali. Kenako achemwali ake anati kumanzere, pamwamba pa sinki. Phuma anati iye akukumbuka kumanja. Iwo anati angakumbuke bwanji munthu amene ankalowa m'khitchini chothamanga n'kutuluka chothamanga, chakudya chili kutsaya. Anakangana ngati ali ana, ndipo m'kukanganamo zinthu zinayamba kutuluka zokha. Katani yachikasu imene bambo anasoka ndi nsalu ya diresi ya mkwati wina amene sanabwere kudzaitenga. Kabati ya chitseko cha galasi, yokhala ndi mng'alu pakona pamene Phuma anamenya ndi mpira n'kunamizira mphepo. Sitovu ya mbale ziwiri, imodzi yokha yogwira ntchito. Msomali wopachikapo machesi. Ndi kampando ka amayi kuseri kwa chitseko, pamene ankakhala ndi kawailesi kawo pamiyendo, kubisala makasitomala obwera kudzalalata kuti zovala zawo zachedwa.

"Ukufuniranji zonsezi?" anafunsa achemwali ake.

Anawafotokozera. Anawauzanso za tiyi wothira patebulo uja.

"Bambo akudziwa kuti ukufuna kuimanga?"

"Ndikufuna adzangoona."

"Iwe ndi zodzidzimutsa anthu." Anamva akumina. "Ukamaliza unditumizire chithunzi. Belu lalira."

Phuma anadzuka, anabweza firiji kukhoma, analongedza zitsulo n'kunyamuka mtima uli kukhitchini. Anali atafika kale kutsidya kwa tauni pamene mwini sitolo anaimba kufunsa ngati mafiriji amasiku ano amagwira ntchito osalumikiza kumagetsi. Anabwerera ndi manyazi, anakalowetsa pulagi, ndipo mwini sitoloyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi osanena kanthu, zomwe zinali zowawa kuposa kutukwanidwa.

Madzulo ake anayesa njira yachilungamo, kuti pasadzakhale wonena kuti sanafunse.

"Bambo, lero tiyambe khitchini. Ndalankhula ndi achemwali, andikumbutsa zonse. Inu muzingonena kuti eya kapena ayi."

"Achemwali akowo ali bwanji?"

"Ali bwino. Tiyambe?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, iwe. Thanki ija sitinaimalize. Inali ndi makwerero achitsulo, mwana wa wometa anagwapo n'kuthyoka mkono. Tapita kuthanki."

Phuma analuma mlomo n'kupita kuthanki. Anaima patsogolo pake, thankiyo ili bwinobwino chakumanja kwa tivi, yaikulu ngati chidebe.

"Nanga bwanji waima? Ndati kuthanki."

"Tafika, Bambo."

"Ili kuti?"

Phuma anasuntha chala pang'ono, thanki inabwera pakati penipeni pa galasi, ndipo bambo ake anati, "Eya, iyo," ngati palibe chimene chachitika. Mkazi wake, amene anali kusita pakona, anaimika simbi. Onse awiri anaona, ndipo onse awiri anadziwa kuti mdalanso wadziwa. Phuma anamanga makwererowo. Mumtima anali atalumbira kale kuti bambo ake sadzalowa mumdima asanaione nyumba yawo yathunthu.

Loweruka linali tsiku lokayezetsanso diso. Phuma anati ali ndi ntchito yamwadzidzidzi, ndipo anapempha mkazi wake kuti awaperekeze. Mkaziyo anavala, anawapatsa apongozi ake chipewa, ndipo potuluka anayang'ana bokosi la zitsulo limene linali pansi pa tebulo, lotseka, kenako anayang'ana mwamuna wake amene anali atavala masilipasi.

"Ntchito yake ndi ya masilipasi?" anafunsa chapansipansi.

"Muchedwa basi."

"Ine ndanena," anatero, n'kutseka chitseko.

Mapazi awo asanathe kumveka pamasitepe, tivi inali itayaka. Phuma sanadzere pachitseko chabuluu. Anazungulira kuseri kwa nyumba, pa udzu paja, n'kuyamba kuyala pansi. Simenti yake inali yofiira, yopukutidwa mpaka kuwala, ndipo anayesa timabokosi tofiira tamitundu yonse asanapeze toyandikira. Anakweza makoma. Zenera analiika kumanzere, monga ananenera achemwali, ndipo atangoliika anadziwa kuti iwo ndi amene ankanena zoona, chifukwa kuwala kunagwera pa sinki momwe kunkagwera m'mawa akamapita kusukulu.

Gemuyo inalibe katani, inalibe sitovu ya mbale ziwiri, inalibe kawailesi. Zonse zinafunika kuzinamiza. Katani anaipanga ndi mbendera yachikasu. Mng'alu wa kabati anaupanga poika kagalasi ka mtundu wina pakona. Kawailesi kanamuvuta kwambiri, anagumula n'kuyambiranso mpaka anapeza kabokosi kakuda kokhala ndi kabatani kamodzi, n'kukaika pa kampando kuseri kwa chitseko. Tiyi amene anadzithirira anazizira osamugwira. Foni inalira, kasitomala weniweni wa firiji yeniyeni, iye anaitembenuza chafufumimba.

Atamaliza anaima pakati pa khitchiniyo n'kuzungulira pang'onopang'ono. Ndiye zinamugwera. Anamva fungo la machesi ongozima kumene. Anamva mawu a mayi ake akumuuza kuti akhale pansi, chakudya sichithawa. Analira yekhayekha pabalaza, mwamuna wamkulu, rimoti ya gemu ili m'manja, ndipo kunali kulira kokoma. Chimwalirireni mayi ake anali asanawayandikirepo chonchi. Anaganiza kuti ngati iye, amene ankangodutsamo chothamanga, zamukhudza motere, nanga bambo ake? Anajambula tivi ndi foni n'kutumiza kwa achemwali ake. Yankho linabwera nthawi yomweyo, timitima todzaza mzere wonse. Anatuluka m'khitchinimo, anatseka chitseko chabuluu, n'kukaimika munthu wa mu gemu panjanji.

Kenako kudikira. Anasesa pabalaza. Anasuzumira pazenera. Anatenga shelefu ya kubafa ija n'kuiyeza pakhoma, anaisiya. Anasuzumiranso pazenera. Anatsika mpaka pansi, anayang'ana kumene kumaima basi, anakweranso.

Anafika dzuwa litapendeka. Mdala anakwera masitepe atagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja onse awiri, ndipo atalowa anakhala pampando osavula chipewa. Phuma anayang'ana mkazi wake, iye anapukusa mutu pang'ono. Kukhitchini kwawo, akuthira madzi m'ketulo, mkaziyo anamunong'oneza kuti dokotala wati lapitirira kuipa, mofulumira kuposa mmene ankayembekezera, ndipo awonjezera mankhwala ena.

"Atopa," anatero. "Adye kaye, agone. Zanuzo mawa."

Koma mawu akuti mawa Phuma anali atatopa nawo. Anabwerera pabalaza, anakokera kampando kaja pafupi ndi tivi.

"Bambo, tiyeni kunyumba."

"Dzuwa likadalipo chonchi?"

"Kamodzi kokha. Mukatero mupume."

Mdala anamuyang'ana, kapena anayang'ana kumene kunachokera mawu, kenako anavula chipewa n'kudzakhala pakampando. Anayambira panjanji. Phuma ankafuna kuthamanga, koma anadzigwira, anayenda mwa masiku onse. Kwa wometa bambo ake anati dengalo tsopano lili bwino. Kwa wophika buledi anangodutsa. Anakwera khonde, anadutsa makina osokera, anadutsa mipando yobiriwira, analowa m'kanjira. Mkazi wa Phuma anali ataima kumbuyo kwawo, nsalu yopukutira mbale ili m'manja.

"Ima pamenepo," anatero bambo ake, n'kuweramitsa mutu, manja pamawondo.

Phuma anadina batani. Chitseko chinalira kamodzi n'kutseguka.

Mdala anadzutsa mutu. Kuwala kwa zenera la mu gemu kunawagwera pankhope. Kwa nthawi yaitali sanagwedezeke. Kenako anayamba kusuntha mutu pang'onopang'ono, uku ndi uku, ngati munthu wounika ndi tochi m'chipinda chamdima.

"Wamanga liti?"

"Lero, Bambo. Muli kuchipatala."

"Lowa."

Phuma analowa.

"Tembenukira kumanzere." Anasendeza nkhope pafupi ndi galasi. "Katani ija. Ya mkwati amene sanabwere."

"Yomweyo."

"Pita kukabati." Anakweza chala, anakhudza pakona. "Mpaka ndi mng'alu womwe. Mphepo ija inali yamphamvu."

Phuma anaseka, chifuwa chitadzaza. Anatembenuka kuti aone nkhope ya mkazi wake, kuti amuuze ndi maso kuti mwaona nanga. Mkaziyo sankayang'ana tivi, ankayang'ana msana wa apongozi ake.

Anawaonetsa sitovu, anawaonetsa msomali wa machesi, anawaonetsa sinki. Chilichonse ankachiyang'ana nthawi yaitali, chimodzichimodzi, poti diso silinkatha kunyamula ziwiri nthawi imodzi. Tepi yoyezera sanaitulutse. Atamaliza kuzungulira, mdala analankhula ndi mawu otsika.

"Tseka chitseko, ndione kuseri."

Phuma anatseka n'kutembenuka. Kampando kanali pomwepo, kawailesi kakuda kali pamwamba pake. Mdala anayang'ana kampandoko. Anayang'ana pamwamba pake, pakhoma, pamene pakanafika mutu wa munthu wokhala pansi. Anabwereranso pakampando. Pansi pa nyumba wina ankayesa kuliza galimoto yokana, ndipo ketulo kukhitchini inali itayamba kuwira popanda woizimitsa.

"Wamanga bwino," anatero pomaliza. "Palibe chogumula."

Chiyambireni ntchitoyi anali asananenepo mawu amenewa, koma mmene anawanenera Phuma sanamve kukoma.

"Ndimaona ngati mwaiwala mmene inalili, Bambo. Ndimafuna muione diso lisana..." Sanamalize.

"Kuiwala?" Mdala anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ndingakuuze ndi kapu imene inali yothyoka chogwirira." Anapukuta pakamwa ndi chikhatho. "Ndikaima panja apo, chitseko chili chotseka, ndimawamva mayi ako. Mbale zikugundana, madzi akutuluka pampopi, wailesi chapansipansi. Ndimadziwa kuti ndikangokankha ndiwapeza. N'chifukwa chake sindimakankha."

Mkazi wa Phuma anaphimba pakamwa ndi nsalu ija.

"Kuchipatala ndinawaona atagona, ndinavomera. Kumanda ndinaona bokosi likutsika, ndinavomera. Tizipinda ta kumsika tija ndinasesa ndekha, ndinapereka makiyi. Konseko ndinaona ndi maso anga kuti kulibe. Munatsala m'khitchini muno mokha."

Phuma anamva chisoni chimene sanachimve ngakhale tsiku la maliro, ndipo pamwamba pa chisonicho manyazi. Zala zake zinali zitayamba kale kuthamanga pa mabatani, kufunafuna nyundo ya mu gemu.

"Ndigumula, Bambo. Pompano. Ndichotsa zonse, ndibwezeretsa udzu uja, nditseka chitseko. Zikhala ngati kale, simudzadziwa n'komwe."

Bambo ake anapapasa m'mwamba, anaphonya, anapapasanso mpaka anapeza manja a mwana wawo pa rimoti. Anawagwira onse awiri, mofatsa, mpaka zala zinaleka kuyenda.

"Ugumula chiyani, mwana wanga? Ndaona kale."